Kabotolo Kamene Ndinaika pa Ayisi

Ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, kunalibe wondiposa pa nkhani ya ayisi. Ndikunena izi mosadzitama, kapena ndinene kuti modzitama pang'ono. Ndinkagulitsa mafiriziti, timadzi totsekemera tija toumitsa m'timapulasitiki, pakona ya msewu wopita kumsika, ndipo anga sankasungunuka msanga ngakhale magetsi atapita kuyambira m'mamawa. Ndinkadziwa kuyala manyuzipepala pansi pa kula bokosi, bokosi lija losungiramo zozizira, kuwaza mchere pa ayisi, ndi kufunditsa chivundikiro ndi saka yonyowa. Kwa ine lamulo linali limodzi: chinthu chilichonse chimene sufuna kuti chiwonongeke, chiike pozizira. Lamulo limeneli ndi limene linatsala pang'ono kundithetsera banja.

Tinali titakhala zaka zisanu ndi amuna anga popanda mwana. Iwo anali dalaiva wa minibasi yoyenda pakati pa Kanyama ndi m'tauni, munthu wolongolola pamsewu koma wamanyazi m'nyumba. Mu komboni mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake. Ine popeza ndinalibe, anthu anayamba kundiitana kuti amake Firiziti. Ndinkaseka nawo, ndi kuwapatsa chenji chawo bwinobwino, koma dzinalo linkandiwawa tsiku lililonse.

Apongozi anga ankabwera kuchokera ku Mufulira miyezi ingapo iliyonse, chikwama chodzaza mizu. Ndinamwa zowawa, zonunkha, zina zoti ndikamwa ndinkaona nyumba ikuzungulira. Kuchipatala anandiyeza kawiri, n'kundiuza kuti sakupeza vuto, ndibwere ndi amuna anga. Nditawafotokozera apongozi zimenezi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga bamupime chani? Batate bake banabala bana naini. Vuto ingachokele kuti?"

Kenako anawonjezera, akupukuta manja pachitenje, kuti kutchalitchi kwawo kuli kamtsikana kaulemu, kochokera m'banja lobereka, ndipo Khirisimasi ikadutsa popanda kanthu adzabwera nako kuti kadzaone Lusaka. Ananena zimenezi pamaso panga, atakhala pampando wanga.

Amuna anga anamva. Apongozi atangokwera basi, anandiuza kuti, "Nizayenda bakanipime. Bamayo baleke kukuvutisa." Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo. Koma ndinene zoona: mumtima ndinkalakalaka vutolo likapezeke mwa iwo, kuti ndidzaone nkhope ya apongozi.

Anapita okha ku kachipatala kena kuseri kwa Kamwala, kumene kuli labu yoyeza umuna. Anabwerako ndi kabotolo kapulasitiki kopanda kanthu, katakulungidwa m'nyuzipepala. Akuti kachipinda kamene anawalozera kanali moyang'anana ndi benchi yodzaza azimayi, ndipo mmodzi wa iwo anali pasinjala wawo wa tsiku ndi tsiku, amene anawalonjera mokweza kuti, "Ba dalaiva, mwadwala?" Basi zinathera pomwepo. Anapempha kuti akachitire kunyumba, natenga kabotolo mayi wa mu labu akadali kufotokoza. Chimene anagwirapo n'chakuti adikire masiku atatu, ndipo kabotolo kafike msanga. Anawapatsanso kapepala ka malangizo, koma pofika kunyumba anali atapukutira kale waya woyezera oilo. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya tonse awiri.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti pofika seveni koloko malata ayamba kale kulira. Tsiku litakwana, amuna anga anatuluka kuchipinda n'kundipatsa kabotolo maso ali kudenga. Ine ndinayang'ana kabotolo, ndinayang'ana dzuwa, ndinakumbukira mmene mkaka umasasira m'nyengo imeneyi. Ndinati ayi, izi siziwonongekera m'manja mwanga.

Ndinagwira ntchito yabwino koposa imene ndinagwirapo. Ndinatenga kula bokosi yaing'ono, ndinayala manyuzipepala, ndinaika ayisi amene anagona mufiriji masiku awiri, wolimba ngati njerwa. Kabotolo ndinakaika pakati penipeni, ndinakazunguliza ayisi mbali zonse, mchere pamwamba. Amuna anga anandiyamikira kuti ndine mkazi wanzeru. Tinakwera basi ya mnzawo, bokosi lili pamiyendo panga. Titafika, iwo anatulutsa kabotolo tili pakona, anakapukuta ndi shati, n'kukapereka pawindo mothamanga. Bokosilo mayi wa mu labu sanalione n'komwe.

Patapita masiku awiri adokotala anatiuza kuti mbewu zilimo, koma pafupifupi zonse sizikuyenda. Ananenanso kuti kuyeza kamodzi sikokwanira, tidzabwereze. Mawu achiwiriwa ndinawamva ndekha. Amuna anga anali atasiya kumvetsera, akungoyang'ana makiyi a basi m'manja mwawo.

Sabata imeneyo munthu anatha ndikuona. Chakudya ankangochigwiragwira. Nyimbo m'basi anasiya kuika. Lamlungu titabwera kutchalitchi, anakhala pakhomo asanavule ngakhale tayi, n'kundiitana.

"Iwe ukali mwaiche, ukali mung'ono," anatero. "Yenda ukakwatiwe kwina, ukabale. Nizabauza bamayo kuti vuto ni ine. Sinifuna ukakalambe na zina ya firiziti chifukwa cha ine."

Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati ndine katundu woti akalephera kunyamula amutsitse pasiteji. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera tsiku la Mulungu. Koma pansi pa mkwiyowo panali manyazi, chifukwa chimene ndinkalakalaka chija chinali chitachitika, ndipo chinalibe kukoma kulikonse. Iwo anangonena kuti Loweruka adzaimbira foni ku Mufulira ndi kwa amalume anga, akulu akhale pansi.

Lachiwiri ndinapita ku Kamwala kukagula timapulasitiki ndi zokometsera, kula bokosi ili m'manja monga mwa masiku onse. Miyendo inanditengera ku labu kuja. Ndinkafuna kufunsa ngati kuli mankhwala odzutsa mbewu zogona, ngakhale jekeseni. Mayi wa mu labu anali wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, wosathamanga polankhula. Anayang'ana pepala lathu nthawi yaitali.

"Munatenga nthawi bwanji panjila?" anandifunsa.

"Sinakwane na awala, ba sisita."

"Nanga munanyamula bwanji?"

Apa ndinawongola khosi, chifukwa tinali titafika pantchito yanga. Ndinamenya chivundikiro cha bokosi ndi chikhatho. "Apo musade nkhawa. Ninasunga bwino maningi. Pa ayisi, mbali zonse, na muchele pamwamba."

Mayiyo anavula magalasi pang'onopang'ono. Anayang'ana bokosi, anayang'ana ine. Kenako anagwira tebulo n'kuyamba kuseka, kuseka koti misozi mbwembwembwe, mpaka mnzake anasuzumira pakhomo.

"Amai, izi si kapenta," anatero atapezako mpweya. "Ni vinthu vamoyo. Vifuna kufunda monga thupi yanu. Mukaviika pa ayisi viuma, vileka kuyenda. Mwina bamuna banu balibe na vuto yamene tinalemba apa. Tinapima firiziti."

Sindikumbukira ngati ndinatsanzika. Ndikukumbukira ndikuthamanga pakati pa mashopu a Kamwala, bokosi likundimenya m'chiuno, anyamata a mawilibala akunditukwana. Ndinali wopusa wamkulu mu Lusaka yense, ndipo ndinali ndisanasangalalepo chonchi chibadwire. Amuna anga ndinawapeza pasiteshoni, basi yawo ili pamzere kudikira kudzaza, iwo atagoneka mutu pachiwongolero. Ndinatsegula chitseko n'kuwakoka dzanja kuti atsike.

"Selukani. Nine ninazipaya."

"Wapaya ndani?"

"Mbeu zanu. Tiyeni, muzamvela kwamene."

Anasiyira basi mnzawo, tinabwerera ku labu wapansi, ine ndikufotokoza mosokoneza, iwo akundiyang'ana ngati dzuwa landilowa m'mutu. Ulendo uno mayi uja anatseka chitseko, anatikhazika pansi, nanena kuti palibe atuluke asanamve zonse. Anatsitsa chithunzi chachikulu cha thupi la mwamuna lodulidwa pakati. Amuna anga anayamba kuwerenga matailosi a pansi.

Mayiyo sanazungulire. Analoza ndi bolopeni nanena kuti mbewu zimapangidwa m'machende, natchula liwulo momveka ngati akutchula tomato. Anati machende ali kunja kwa thupi chifukwa ntchito yopanga mbewu imafuna malo ozizirirapo pang'ono kuposa m'mimba. "Pang'ono chabe," anatero akundiyang'ana, "osati filiji yanu." Anati mbewu imatenga miyezi iwiri ndi theka kapena kuposerapo kuti ipangike, ndipo ikangopangidwa sidziwa kusambira. Imalowa m'kapaipi kopindapinda kamene kagona kumbuyo kwa chende lililonse, kakang'ono pokaona, koma koti mutakatambasula kangadutse chipinda chimene tinakhalamo. M'menemo ndi mmene mbewu zimakhwimira ndi kudikira.

Amuna anga anadzutsa mutu. "So ni siteshoni," anatero. "Zili pa laini."

"Ehe, ba dalaiva. Zili pa laini."

Kuyambira pamenepo manyazi anathawa. Anakokera mpando pafupi ndi chithunzi. Mayiyo anatsata ndi bolopeni paipi ina yaitali imene imachoka pasiteshonipo, n'kukwera kulowa m'mimba, n'kuzungulira chikhodzodzo.

"Laundabauti," anatero amuna anga. "Manje chifukwa chani izunguluka so? Shotikati kulibe?"

"Mukafunse wamene anapanga musewu," anayankha mayiyo. Anaonetsa timatumba tiwiri kumbuyo kwa chikhodzodzo, ndi kachiwalo kena pansi pake, nanena kuti zimenezi zimathira madzi amene mbewu zimayendamo, ndipo m'madzimo muli chakudya chake cha paulendo. Madzi amene munthu amaona ndi amenewo, mbewu zenizenizo sizioneka ndi maso. Pomaliza zonse zimatulukira njira imodzi ndi mkodzo, koma panthawiyo khomo la chikhodzodzo limatsekeka kuti ziwirizi zisasakanikirane.

"Kuli na loboti," anatero amuna anga, akugwedeza mutu mwaulemu. Ndinali ndisanawaonepo akumvetsera munthu chonchi, ngakhale abusa.

Kenako mayiyo anafunsa kuti injini ya minibasi yawo ili pati. Iwo anaseka nanena kuti aliyense amadziwa, ili pansi pa mipando ya kutsogolo. Anafunsa kuti amakhalapo maola angati. Kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Nanga amavala chiyani? Jinzi yothina, ndi kabudula wa mpira m'kati. Mayiyo anatiyang'ana tonse awiri.

"Uyu aziphika, uyu aziumisa. Mulungu anakupezanisani."

Anatipatsa kabotolo katsopano, ndipo malangizo anandiuza ine, n'kundichititsa kuwabwereza kawiri. Masiku atatu. Ola limodzi lisakwane. Kakhale pathupi, pofunda.

Lachisanu m'mawa amuna anga anali atapempha mwini basi kuti awabwereke kwa maola awiri. Kabotolo ndinakakulunga m'kampango n'kukalowetsa m'kamisolo, pakati pa mabere, ndipo pamwamba ndinavala juzi, mu Okutobala. Aneba amene ankasesa panja anandifunsa ngati ndili ndi malungo. Ndinati inde.

Tinanyamuka basi yopanda munthu, ife awiri basi. Inali nthawi imene Kanyama yense amafuna kupita m'tauni. Pasiteji iliyonse anthu ankakweza manja, ena kuthamangira chitseko, ndipo amuna anga ankatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti basi yadzaza: "Yazula!" Anthu ankayang'ana mipando yopanda kanthu n'kutitukwana. Ine ndinkaseka, manja onse awiri ali pachifuwa, ndikuwachonderera kuti azilambalala maenje.

Tisanafike ku Chibolya tinapeza lole ya makala itafera pakati pa msewu, magalimoto ataima mzere wosaoneka mapeto ake. Ndinayang'ana foni: mphindi khumi ndi zisanu zinali zitapita. Amuna anga anabwerera chambuyo, analowa kanjira ka pakati pa nyumba kamene sindinkadziwa kuti galimoto ingadutsemo, tinadutsa pansi pa zingwe za zovala, tinabalalitsa abakha, tinatulukira kuseri kwa msika. Zaka zonse zija ndinkadandaula kuti amadziwa misewu kuposa nyumba yawo, tsiku limenelo ndinalapa.

Pafupi ndi Kamwala zinaimanso, ulendo uno kopanda pothawira. Mphindi makumi atatu ndi zisanu. Ndinatsegula chitseko n'kudumpha. Ndinathamanga nditagwira chifuwa, thukuta likuyenderera m'juzi, patapata mmodzi anaduka ndipo ndinamusiya pomwepo. Mayi wina wogulitsa zitenje anakuwa kuti andigwire, mtima wandiyamba. Ndinafika pawindo la labu ndikupuma ngati galu, ndinapisa dzanja m'kamisolo pamaso pa benchi yonse ija, ndinatulutsa kabotolo. Manyazi ndinali nditawasiya limodzi ndi patapata.

Mayi uja anakagwira m'chikhatho, namwetulira. "Kafunda," anatero.

Amuna anga anafika atapeza poimika basi, ndipo tinakhala pabenchi kudikira. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, mayiyo anatikodola. Anati sachitira aliyense zimenezi, koma ife tavutika mokwanira. Anandiimika pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono, nandiuza kuti nditsinzine diso limodzi.

Poyamba ndinangoona kuwala. Kenako ndinaziona. Tinthu ta mitu ndi michira, ngati ambululu a m'zithaphwi za Kanyama nthawi ya mvula. Tina tinali titangogona, tina tinkazungulira pamodzimodzi ngati oledzera, koma tina tinkapita ndithu, michira ikugwedezeka, kudutsa kuchoka mbali ina kupita ina. Ndinafuna kulira, ndinafuna kululuta. Ndinangowakoka amuna anga malaya.

Iwo anawerama pamakinapo nthawi yaitali.

"Ba sisita," anatero ndi mawu osamveka bwino, osachotsa diso. "Kuli kamozi apa kaovateka tonse."

"Ni kanu ako, ba dalaiva."

Foni ya Loweruka ija inaimbidwa, koma ku Mufulira kokha. Ndinali pomwepo ndikusankha nyemba. Anawauza amayi awo kuti kamtsikana kaja kasavutike ndi ulendo, kuti vuto pang'ono lapezeka mwa iwo ndipo akulikonza, ndipo kuti mkazi wawo asamwetsedwenso muzu uliwonse. Nkhope ya apongozi ija sindinaione, ndipo ndinapeza kuti sindinkaifunanso.

Vuto pang'onolo linalipodi. Adokotala anati mbewu zamoyo zilipo koma n'zocheperapo, ndipo sanatilonjeze kanthu. Anati achepetse kutentha, asiye fodya, adikire miyezi itatu kuti zatsopano zipangike. Amuna anga anachita zonse ndi changu cha munthu wotembenuka kumene. Anakhomera thabwa pansi pa khushoni ya mpando, anagula mathalauza otaya ngati a m'busa wakale, ndipo basi ikaima pamzere ankatsika n'kukaima pamthunzi m'malo mogona pachiwongolero. Anzawo ankawaseka. Iwo m'malo mokwiya ankawajambulira msewu wonse uja pafumbi la pagalasi, siteshoni, laundabauti, loboti, mpaka madalaiva awiri anadzandifunsa mwakachetechete kumene kuli labuyo.

Khirisimasi inadutsa. Mvula inabwera, Kanyama anasefukira, madzi anaphwa. Miyezi itatu ija inakhala isanu ndi umodzi, kenako isanu ndi inayi. Mwezi uliwonse ndinkayembekezera, mwezi uliwonse ndinkalira kubafa, kenako n'kukatsegula firiji ndi kulongedza mafiriziti. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwa sanali kuitanidwa amake Firiziti.

Mu Seputembala wotsatira mwezi unadutsa osaona kanthu. Sindinauze munthu. Ndinadikira sabata zina ziwiri, kenako ndinapita ndekha kuchipatala cha mu komboni. Namwino anandiyeza, nandilembera khadi la sikelo ya amayi oyembekezera. Ndinatuluka nalo ndikuyenda ngati pansi pali mazira, ndikumwetulira anthu osawadziwa.

Amuna anga anali ndi chizolowezi: masana akamadutsa pakona panga ankaimitsa basi, kutsika, kutsegula okha bokosi ndi kutenga firiziti yofiira. Tsiku limenelo khadi lija ndinaliika m'kapulasitiki n'kuligoneka pamwamba pa mafiriziti, ndinatseka, ndinafunditsa saka yonyowa. Ndinakhala pa kampando kanga kudikira.

Basi inafika itadzaza. Anatsika, anandilonjera, anatsegula bokosi. Dzanja linaima m'malere. Anawerenga dzina langa, anawerenga mawu a pamwamba, milomo ikuyenda. Kenako analitsomphola khadilo mwachangu ngati likupsa.

"Iwe mukazi," anatero, maso atadzaza misozi. "Na ili futi pa ayisi?"

Anamasula mabatani a shati, analilowetsa m'kati, pachifuwa, n'kulipanikiza ndi mkono. Mapasinjala anayamba kumenya mbali ya basi kuti akuchedwa. Iwo anakwera, anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, ndipo anayendetsa choncho mpaka madzulo.